Khosi Limene Ndinadyera Kudambo

Kwathu kwa Kawinga, nkhuku ikafika kumphika ili ndi khosi lake ndiye kuti pena palakwika. Mlendo sangazindikire, koma mwana aliyense wa kwathu amadziwa kuti khosi ndi la wozinga. Ukapita ndi nkhuku kwa Msilamu kuti akuzingire, iye amailozetsa kumpoto kumene amayang'ana poswali, amatchula dzina la Mulungu, n'kudula pammero. Ikasiya kuphupha amachotsa khosi ndi mutu womwe, zimenezo n'zake, iwe n'kubwerera ndi nkhuku yako yopanda khosi. Ikatero aliyense akhoza kudya, wa kutchalitchi ndi wa kumzikiti yemwe, ndipo palibe amene amafunsa zambiri. Kusowa kwa khosiko ndiwo umboni.

Amayi anga anabadwa Msilamu. Analowa Chikatolika chifukwa cha abambo, amene anabwera kudzakwatira pamudzi pathu kuchokera cha ku Balaka. Abambowo anapita ku Halale ine ndili wamng'ono, makalata anabwera awiri, kenako zii. Amayi anatsala ndi ine, mlongo wanga, ndi kolona yawo. Anatsalanso ndi nkhani ya achimwene awo, amjomba anga, amene nyumba yawo inali kuseri kwa munda wathu wa chinangwa. Amayi atabatizidwa, amjomba anakhala zaka zisanu ndi ziwiri osalawa chilichonse chochokera mumphika wawo. Moni ankapereka, za pabanja ankabwera kudzakonza monga eni mbumba, koma chakudya iyayi. Ankangoti, "Ndakhuta, chemwali," ngakhale mimba ikulira anthu onse akumva.

Chimene chinawabweza ndi pangano. Amayi anaswa miphika iwiri imene abambo ankaphikitsiramo nguluwe ndi mbewa, nalonjeza kuti nkhuku iliyonse ya pakhomo pathu izidutsa pampeni wa amjomba, kapena wa Msilamu wina iwo akachokapo. Tsiku limene amjomba anasamba m'manja pakhonde pathu n'kudya, amayi ankalinena kawirikawiri mpaka ife tinatopa nalo. Ankakumbukira ndi ndiwo zomwe, ndi mbale imene anapakuliramo.

Ine panganolo ndinalibe nalo vuto. Vuto langa linali khosi.

Masiku amenewo mafuta ophikira tinkangowaona m'botolo kusitolo ya mmwenye ku Nsanama. Ndiwo zathu zinali zotendera, zachidulo, kapena zongowiritsa ndi mchere. Nkhuku ya kumudzi, yoyenda tsiku lonse kusaka chiswe, ndi youma. Pachifuwa pake mungati mukutafuna chingwe. Mafuta ake amabisala kumchira ndi m'khungu la khosi, makamaka m'munsi muja khosi limakumana ndi chithokomiro. Koma nawonso makosi amasiyana. La tambala ndi minyewa yokhayokha. La kameta, nkhuku yopanda nthenga m'khosi ija, khungu lake n'lopyapyala, silitulutsa kanthu. La nkhanga musavutike nalo. Lenileni ndi la thadzi lokalamba limene lasiya kuikira: ukalisenda umapeza mafuta achikasu ngati dzungu, atamatirira kukhungu. Ndipo loposa onse ndi la bakha, lalitali, lolemera m'manja.

Akazi awo a amjomba ankalidziwa khosi. Ankalivula khungu lonse kamodzi ngati akuvula mwana malaya, n'kulidula tizidutswa, n'kuika paphale pamoto wa makala ochepa. Khungulo linkalira pang'onopang'ono, mafuta n'kumatuluka. M'mafutamo ankakazingiramo anyezi, kenako nkhwani kapena mpunga. Mafupa a khosilo ankawawiritsa padera mpaka msuzi uyere, wa amjomba womwera m'chikho. Tizikungu totsala paphale, touma, tokukutika, tinali ta ana awo. Fungo lokha ndilo linkaoloka munda wa chinangwa kubwera kwathu, pamene ife, eni nkhuku, tikulimbana ndi chifuwa chouma.

Ndipo ndinene zoona, mpeni wa amjomba sunkadziwa pamene khosi limathera. Unkatsika mpaka m'mapewa, chala chawo n'kukokerako khungu la pachifuwa.

"Amayi, taonani nkhuku yabwera yovula," ndinkatero.

"Iwe, khosi limodzi ulifanizire ndi achimwene anga? Tasosola nthengazo."

Za mtima wanga ndisabise. Sukulu ndinasiyira Sitandade 2, nditagenda monitala ndi sileti chifukwa anandiseka powerenga. Aphunzitsi anati ndipepese ndibwerere. Ine ndinati ayambe iyeyo. Sanayambe, ndipo sindinabwerere. Zolemba izi ndaziphunzira ndili wamkulu, ndiye pena pakakhota mundikhululukire. Mkwiyo wanga umabwera ngati moto wa udzu, ndikamazindikira ndimakhala nditanena kale.

Chinali chaka chachiwiri asilikali atabwerako kunkhondo ya ku Bama. Mwezi wa Ramazani unagwa nthawi yozizira, mphepo ya chiperoni ikuomba, ndipo amjomba anadwala chifuwa. Anawauza kuti wodwala amaloledwa kudya masana, iwo anakana, anapitiriza kufunga. Anaonda mpaka mzuli, kachisoti kawo kaja, unayamba kuwatsika m'maso. Manja ankanjenjemera, chikho cha madzi chinkawavuta, nanji mpeni.

Tsiku lina Lachisanu amayi anagwira thadzi lawo lofiira, limene ankalisunga zaka zambiri chifukwa chodziwa kulera anapiye.

"Pita nalo kwa a mwalimu kumzikiti akazinge. Ndikufuna achimwene amasulire kufunga ndi msuzi wake dzuwa likamalowa. Usakayambane ndi munthu kumeneko, wamva?"

"Ndiyambana ndi ndani ine?"

"Ndakuuza."

Mzikiti unali mtunda wa ola limodzi, njira ya ku Nsanama, kutsidya kwa dambo. Thadzilo ndinalikolekera kukhwapa. Linali lolemera, ndipo chala changa chinkangopita chokha kukhosi kwake, kumasisita pansi pa nthenga pamene pali nyama yofewa. Izi ndikuzinena chifukwa kwa nthawi yaitali ndinkadzinamiza kuti zonse zinayambira kumzikiti. Zinayambira panjira.

Ndinafika anthu akulowa ku swala ya masana. A mwalimu anali kale m'kati. Pansi pa mtengo wa mango panali anyamata anayi akusamba mapazi, mmodzi wa iwo tinamenyanapo pamsika wa thonje.

"Taonani, Akatolika abwera ndi nsembe!" anatero iyeyo.

"Ansembe anu alibe mpeni kodi?"

"Ima konko, bwanawe, usayandikire mtsuko. Manja akowo agwira mbewa m'mawa uno."

Ndinati ndikufuna a mwalimu. Anati ndidikire swala ithe, ndiye Lachisanu pali ulaliki, sizitha msanga. Ndinakhala pamuzu. Asanalowe, mnzanga wa pamsika uja anabwera, n'kugwira thadzi lathu pakhosi, n'kutembenukira anzake.

"Eee, khosi ili! A mwalimu madzulo ano anyambita zala. Iwe ukamve fungo, Mkatolika."

Anaseka, analowa. Ine ndinadikira pang'ono, mawu ajawo akundizungulira m'mutu. Ndikanadikira ola limodzi lokha. Palibe amene anandithamangitsa, palibe amene anandikaniza. Ndinangoimirira, n'kulavula, n'kubwerera njira imene ndinadzera.

Pakati pa dambo pali kamtsinje ka bango. Ndinaponda mapiko a thadzi ndi phazi limodzi, miyendo ndi linalo, n'kutulutsa mpeni wanga wosemera misampha. Sindinaone kumene kuli kumpoto. Pamalo pa dzina la Mulungu, pakamwa panga panali chitukwano cha mnyamata uja ndi amake omwe. Ndinacheka mpaka mutu unagwera uko.

Thadzi litasiya kuphupha m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Nyama yotere Asilamu amaitcha chibudu, amaiwerengera pamodzi ndi yofa yokha. Ndikapita nayo kunyumba ili ndi khosi, amayi adziwa nthawi yomweyo. Ndikawauza zoona, thadzi lawo latayika pachabe, amjomba sadya. Koma ndikachotsa khosi, ndani afunse?

Ndinazula nthenga za m'khosi, n'kudula. Ndinadula m'munsi, mpaka m'mapewa, n'kukokerako khungu la pachifuwa, monga mmene ndinkawaonera amjomba. Mutu ndinaponya m'bango. Khosi nalonso ndikanaponya. Koma chapafupi panali chitsa chikufuka, chimene osaka mbewa anasiya atatentha udzu. Ndinauzira moto, ndinatunga khosilo pakamtengo.

Ndikanakonda kulemba kuti silinakome. Linakoma. Khungu linatupa, n'kuyamba kung'aluka, mafuta n'kumadontha pamakala, moto n'kumalilima. Ndinalibe mchere, koma sindinausowe. Ndinayamba ndi khungu, mafuta akutsikira m'chigongono, kenako ndinayamwa mfundo imodziimodzi mpaka mafupa anayera. Chibadwire ndinali ndisanadyepo khosi lathunthu ndekha. Nditatha ndinatsuka pakamwa ndi mchenga ndi madzi, ndinanunkhiza manja, ndinatsukanso.

"Wachedwatu," anatero amayi. "A mwalimu anali pomwepo?"

"Analipo. Ndinadikira swala."

Anatembenuza thadzilo, n'kuona pamene panali khosi, n'kuseka.

"Ii, a mwalimu awa aposa achimwene! Akanangotenga ndi mapiko omwe."

Anaphika mwachifatse, moto wochepa, mpaka nyama inayamba kusiyana ndi mafupa. Mpunga anauphika wofewa wa munthu wodwala. Iwo eni sanalaweko, ngakhale kuti amve mchere, pakuti Lachisanu Mkatolika sadya nyama. Anaitana mwana wamng'ono wa amjomba kuti adzalawe. Lamulo limenelo ine ndinali nditaliiwaliratu kudambo kuja. Ndinalikumbukira pamene amayi ankapatsira mwanayo chipande.

Dzuwa likupendeka tinadutsa m'chinangwa, amayi ndi mpunga, ine ndi mphika wa msuzi. Amjomba anali pamphasa pakhonde, atafunda bulangete, akuyang'ana kumadzulo. Dzuwa litalowa anamwa madzi, ananena mawu awo a Chiarabu, kenako anasuzumira mumphika.

"Chemwali, mwapha thadzi lofiira lija? Wazinga ndani?"

"A mwalimu, achimwene. Mphwanuyu ndiye anapita nalo."

Anandiyang'ana. Maso awo anali atalowa m'kati. "Wayenda mtunda, mphwanga."

"Si patali, amjomba."

Ananena bisimila, anamwa msuziwo. Anamwa chikho choyamba osapumira, thukuta linatuluka pamphumi. Amayi anali atagwada chapambali, akuwerenga ndi maso nthongo iliyonse ya mpunga imene achimwene awo ankameza. Kenako amjomba anavuula nthutumba, imene kwathu ndi ya munthu wolemekezeka, n'kunditambasulira.

"Tenga, wavutika nayo ndiwe."

"Iyayi amjomba, lero n'Lachisanu. Ife sitidya nyama."

Anatembenukira akazi awo. "Mwamva? Mumati mwanayu ndi wamtima wapachala, koma taonani, akusunga lamulo la kwawo. Munthu wosunga lake sangakuswere lako."

Ndinayang'ana pansi. M'mano mwanga munali mutatsalira kanyama, ndipo lilime linkangopita pomwepo.

Amjomba anachira. Kaya unali msuzi, kaya chifuwa chinangotha chokha, koma iwo ankauza aliyense kuti anadzutsidwa ndi thadzi la chemwali wawo. Ndinkaopa kuti akakumana ndi a mwalimu nkhani iululika, koma mwezi umenewo a mwalimu ankazinga nkhuku za mudzi wonse, sakanakumbukira ya uyu ndi ya uyu. Anyamata aja anali m'kati pamene ndinkachoka. Palibe amene anandiona. Ansembe atabwera kudzachita misa ndinakalapa kuti ndinadya nyama Lachisanu. Anandipatsa mapemphero atatu. Zinazo sindinanene, ndinadziuza kuti ndi tchimo la kumzikiti, silikuwakhudza ansembe.

Koma chinthucho sichinandisiye. Amjomba akabwera kudzadya kwathu ndinkapeza chifukwa chochokera. Akandiyamikira ndinkapsa mtima. Ndinayamba kuwasakira zolakwa, kayendedwe kawo, katsokomoledwe kawo, kuti mwina ndikawapeza oipa changacho chichepe.

Mvula itayamba, mlongo wanga, amene anali atakwatiwa chaka chapitacho, anabereka mwana wake woyamba. Tsiku lotulutsa mwana m'chikuta abale a mbali zonse anasonkhana pakhomo pathu, a kolona ndi a mizuli. Ine ndinali ndi bakha wanga amene ndinamulera ndi gaga kuyambira ali kamwana, wonenepa mpaka ankayenda chokwawa. Ndinamupereka kuti akhale ndiwo za tsikulo. Mumtima ndinali ndi pulani: khungu la khosi lake amayi alisungunule paphale, mafutawo asunge m'kabotolo, azithira m'ndiwo za mlongo wanga poyamwitsa. Bakha mmodzi wotero amatulutsa mafuta okwana sabata yathunthu. Maganizowo sanali oipa. Ndi okhawo abwino amene ndinali nawo chaka chimenecho.

Amjomba anali kuseri kwa nkhokwe akunola mpeni, amuna angapo atawazungulira. Ndinawafikira ndi bakhayo.

"Amjomba, khosi mutenge, koma khungu lake musiyireko mlongo wanga."

Sindinanene bwino. Mawu anatuluka ngati lamulo, anthu akumva. Ndikanawatengera pambali, ndikudziwa akanavomera, pakuti mlongo wangayo ankamukonda kuposa ana awo.

"Bakha ndi wako, mphwanga, khosi ndi langa," anatero akuseka. "Kapena lamulo lasintha usiku wathawu ine ndili mtulo?"

Anazinga. Anadikira. Kenako mpeni unatsika monga mwa masiku onse, mpaka m'mapewa, chala n'kukoka khungu. Anakweza khosilo m'mwamba kulionetsa anzawo, mafuta akulendewera.

"Usadandaule, akusiyira zipalapasiro," anatero wina.

"Ndi mlomo womwe, uziimbira mluzu!"

Kuseka kumeneko n'kumene kunandiyatsa.

"Kodi mpeni wanuwo uli ndi chiyani chimene wanga ulibe?" ndinakuwa. "Thadzi lija mumati linakuchiritsani ndinadula ndine! Kudambo, ngati ndikudula nzimbe, ndikutukwana! Khosi ndinaotcha ndinadya ndekha. Nanga munafa? Si inu muli pano mukubera anthu khungu!"

Ngakhale amayi a kukhitchini anasiya kusinja.

Amjomba anatsitsa dzanja. "Mwezi wa Ramazani uja?"

"Womwewo."

"Msuzi umene ndinamasulira uja?"

Moto wa mkwiyo wanga unali utazima kale, ndinali nditangotsala ine.

Anaika khosilo pa tsamba la nthochi pambali pa bakha. Anatsuka mpeni, anatsuka manja, anapukutira kumkanjo. Sananditukwane. Anapita pamene panali mlongo wanga, anagwira mwana pamutu, n'kulowa m'chinangwa. Akazi awo anatsatira. Kenako mmodzimmodzi, aliyense wa mzuli anakumbukira kuti kwawo wasiya mbuzi pamvula. Amayi anali ataima pakhomo pa khitchini ndi lichero la mpunga, ndipo anaima choncho mpaka womaliza anapita. Bakha uja anazingidwa bwino, mwalamulo, koma anadya Akatolika okha, mwakachetechete, ndipo wambiri anatsala.

Ndinkayembekeza ndodo, kapena mawu. Amayi sanachite chilichonse mwa izi. Alendo atapita anandipeza kuseri kwa nyumba.

"Unandisiya ndigwade pamaso pa achimwene ndi mphika uja," anatero. "Unandisiya ndinene ndi pakamwa panga kuti a mwalimu."

"Amayi, anyamata aja ananditukwana."

"Zaka zisanu ndi ziwiri zija iwe sunazione. Unali usanadziwe kanthu."

Anangonena zomwezo.

Sabata inatha amjomba osaoneka. Amayi anawatumizira mpunga ndi nyemba, zopanda nyama n'komwe. Mbale inabwerera yovundikira monga inapitira. Anatumiza chinangwa chophika, chinabwerera. Tsiku lachitatu anapita okha ndi maungu, ndipo ndinawaona akubwerera m'munda muja, mbale ili pamutu, akuyenda ngati munthu wochokera kumanda.

Ndinapita ine. Ndinawapeza amjomba akupota chingwe cha mbuzi pantchafu. Ndinakhala pansi chapatali, ndinavula chipewa, ndinapepesa. Kupepesa sindinazolowere, mawu anatuluka ouma.

Anapitiriza kupota chingwe chija.

"Ndinakafunsa kwa a shehe," anatero. "Akuti chimene munthu wadya osadziwa, Mulungu samuwerengera. Mimba yanga ilibe mlandu, kufunga kwanga sikunaonongeke. Za zimenezo usavutike."

Mtima unatsika pang'ono. "Ndiye mubwera kudzadya, amjomba? Amayi sakugona."

"Ndinakupatsa nthutumba, iwe unandiuza za Lachisanu. Ukukumbukira? Ndinakutamanda pamaso pa mkazi wanga." Anamanga mfundo pachingwe. "Ukanabwera wekha mawa lake, kapena patatha mwezi, n'kundiuza kuti amjomba ndinalakwa, bwenzi nditakukalipira, nkhani n'kutha. Koma unasunga. Unasunga ngati mwala wa m'thumba, kudikira tsiku loti undigende nawo pagulu."

"Sindinakonze, amjomba. Zinangotuluka."

"Ndi zomwezo. Tsopano undiuze, mphika wa chemwali ndiudziwa bwanji? Iye sanganame, ndikumudziwa. Koma naye unamunamiza, sanadziwe. Kumsika umapita ndiwe, misampha ndi yako, nyumba ndi imodzi. Mawa ukakwiyanso, mumphika mulowa chiyani?"

Pamenepo munthu wanzeru akanakhala chete, akanabweranso mawa, ndi mkuja, mpaka mtima wa mkulu ufewe. Ine magazi anakweranso.

"Ndiye mukuti ndichoke?"

"Sindinatero ine."

"Ndichoka, muzidya mwamtendere!"

"Mphwanga, khala pansi."

Sindinakhale. Ndinafika kunyumba ndikupuma mwamphamvu, n'kuwauza amayi kuti ndikupita ku Balaka kukafuna ntchito, popeza pano ndine wodetsa miphika. Ndinanena mokweza kuti andiletse. Ndinkadziwa mmene zimakhalira: amayi akanalira, ine ndikanakana kawiri, kachitatu ndikanavomera kukhala.

Amayi anandiyang'ana. Kenako anafunsa kuti ndinyamuka liti, kuti akazinge mtedza wa panjira.

Kuno ku Balaka ndinayamba ndi kusenza mabelo a thonje kusiteshoni. Tsopano ndimaphika pa kanyumba kodyera pafupi ndi njanji, chaka chachitatu chino. Kuno khosi silipita kwa wozinga, limatsala kukhitchini, ndipo tsiku la sitima ndimakhala nawo makosi khumi kapena kuposa m'beseni. Ndimavula khungu, ndimasungunula, mafuta ake timakazingira anyezi ndi matimati a tsiku lonse. Mafupa timawiritsa msuzi wa onyamula katundu, amathira pampunga. Ndadziwa kuti moto ukachuluka mafuta amawawa, kuti khosi la bakha limafuna kulibaya ndi foloko kuti litulutse zonse, kuti la thadzi ukalisiya ndi khungu mumsuzi uyenera kuengula pamwamba. Mwini kanyumbaka amati ndili ndi dzanja. Tizikungu totsala ndimapatsa aliyense amene ali pafupi.

Mwezi wathawu mlongo wanga anabwera ndi mwamuna wake kudzagula makasu, mwana wachiwiri ali kumsana. Ndinawapakulira mpunga kuseri kwa khitchini, n'kufunsa za kumudzi. Anandiuza za mvula, za mbuzi, za amene anamwalira. Ndinachita kufunsa ndekha.

"Nanga amjomba?"

"Amadya," anatero. "Anayamba patatha miyezi inayi iwe utachoka."

Ndinati ndiye bwino.

"Amadya, koma si monga kale. Amazinga okha, amasosola okha, amanyamula okha mpaka kukhitchini. Ndiye amatenga kampando n'kukhala pakhomo pa khitchinipo mpaka ndiwo zipse. Ngakhale zikhale nyemba, amakhala pomwepo. Anthu amawaseka, akuti mwamuna wamkulu kulondera mphika."

"Amayi amati chiyani?"

"Amati bola akudya." Anasuntha mwana kuti ayamwe. "Koma ndinawaona tsiku lina akuthira mchere. Anayamba atambasula dzanja kuonetsa amjomba kuti ndi mchere. Amjombawo sanafunse, iyayi. Amayi anangoonetsa okha."

Mlamu wanga anaimirira kuti akaone ngati lole ya ku Liwonde yafika.

"Za ine amayi amafunsa?"

"Amafunsa ngati ukudya bwino. Amafunsa ngati sunamenyane ndi munthu."

"Za kubwera?"

Mlongo wanga anaberekanso mwana kumsana, anamanga nsalu pachifuwa, anaimanganso kachiwiri ngakhale inali yolimba kale.

"Za kubwera sananene, achimwene."